Matalala, Miyala Yobadwira M'mitambo

Amene anakhalapo m'nyumba ya malata tsiku logwa matalala saiwala phokoso lake. Tsikulo limayamba ndi kutentha kolemetsa thupi, kuja kumene nkhuku zimangoti kukamwa yasa pansi pa nkhokwe. Dzuwa likapendeka, mtambo umatutumuka mbali imodzi ya thambo, pamwamba woyera ngati thonje lounjika, kunsi kwake kuli bii. Kamphepo kozizira kamafika mwadzidzidzi, kakununkhira dothi lonyowa la kwina kumene mvula yayamba kale. Madontho akuluakulu angapo amagwa motalikirana. Kenaka padenga pamamveka kho! Kho, kho! Posakhalitsa zimakhala ngati ana a sukulu yonse apangana zogenda nyumba yanu, ndipo ngakhale mufuule bwanji, amene mwakhala naye pamphasa sakumvani.

Mphindi zisanu, mwina khumi, kwatha. Ana amathamangira pabwalo kukatola timiyala toyerato, kutiponya m'kamwa ngati zibwente zaulere, kupikisana kuti wapeza lalikulu ndani. Akuluakulu pabwalopo sayang'anapo n'komwe. Maso awo ali kumunda.

Pali chinthu chimene tinachizolowera mpaka tinasiya kudabwa nacho. Mu Juni ndi Julayi, pamene timagona titafunda mutu womwe, ndipo ku Dedza ndi ku Nyika udzu umacha utayera ndi chisanu, matalala sitiwaona. Amadza kumayambiriro kwa dzinja, mu Okutobala, Novembala ndi Disembala, masana amene thukuta lili kamukamu. Madzi oundana akugwa pa tsiku lotentha koposa! Chinsinsi chake n'chakuti kutenthako ndiko kumawapanga.

Mmene talala limakulira

Dzuwa likawotcha nthaka, mpweya umene wagundana ndi nthakayo umatentha, n'kupepuka, n'kuyamba kukwera, monga umachitira utsi wa lupsa. Ngati mpweyawo uli ndi chinyezi, umakwera nacho. Kumwamba n'kozizira: pa kilomita iliyonse imene mwakwera, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6 ndi theka. Chinyezi chija chimasanduka timadontho, ndipo ndiwo mtambo umene timauona. Chikamasanduka madontho chimatulutsa kutentha kwina kumene kumapatsa mpweyawo mphamvu yokwerabe. Motero mtambo wa mabingu umadzikankha wokha, mpaka nsonga yake imatha kufika makilomita 15 kapena kupitirira kumadera otentha ngati kwathu kuno. Phiri la Mulanje, pa nsonga ya Sapitwa, ndi lotalika mamita 3,002. Mtambo umene ukubwera ndi matalala ungathe kulisanja kasanu.

M'kati mwa mtambowo muli mphepo yokwera molunjika, imene m'mitambo yaukali imathamanga kuposa makilomita 100 pa ola. Imanyamula madontho n'kuwapititsa kumtunda kwa malire amene madzi amayenera kuundana, ndipo kuno malirewo amakhala pafupifupi makilomita 5 pamwamba pa nyanja yaikulu. Apa m'pamene pali chodabwitsa china. Kusukulu tinaphunzira kuti madzi amaundana pa digiri 0. Izi n'zoona za madzi a m'botolo la m'firiji. Koma kadontho kakang'ono ka madzi oyera, koyandama mumpweya, kamatha kukhalabe madzi ngakhale kuzizire mpaka madigiri pafupifupi 40 pansi pa ziro. Kamasowa poyambira. Kamadikira kanthu kolimba kuti kagundane nako, ndipo kakagunda kamauma pompo.

Kanthuko kakhoza kukhala kafumbi ka dongo kouluzika kuchokera m'munda wolimidwa kumene, kapena kachidutswa ka madzi oundana kale. Akatswiri amene anasungunula pakati pa matalala n'kupima anapezamo ngakhale mabakiteriya amene amakhala pa masamba a zomera, monga otchedwa Pseudomonas syringae, amene ali ndi mphamvu youndanitsa madzi msanga. Ndimakonda mfundo imeneyi: njere ya talala limene lang'amba tsamba lanu la fodya mwina inanyamuka pa tsamba lina, kapena pa mzere wa m'munda womwewo.

Njereyo ikapangika, imayandama m'dera la madontho ozizira aja, itagwiriridwa ndi mphepo yokwera monga mankhusu amayandamira pamwamba pa lichero. Dontho lililonse logundana nayo limamatirira n'kuuma. Ikukula. Imakulabe kufikira italemera moti mphepo singathenso kuinyamula, kapena itatayidwira kumbali kumene mphepo ndi yofooka. Pamenepo imagwa. Asayansi ya zanyengo amatcha chinthu talala ngati chafika mamilimita 5 m'mimba mwake. Chocheperapo amachiika m'gulu lina.

Tsiku lina mukadzatola talala lalikulu, musafulumire kulidya. Liduleni pakati ndi mpeni wotenthetsa pang'ono. Mudzaona mizere yozungulira ngati ya anyezi, ina yoyera ngati mkaka, ina yoonekera ngati galasi. Mzere woyera unapangika pamene talala linali pamalo ozizira kwambiri, pamene timadontho tinkauma nthawi yomweyo n'kutsekera timpweya m'kati. Mzere woonekera unapangika pamene madzi anali ochuluka, moti ankayamba ayenderera pa talalalo n'kumauma pang'onopang'ono, timpweya n'kupeza mpata wothawa. Mabuku akale ankaphunzitsa kuti mzere uliwonse ndi ulendo umodzi wokwera ndi kutsika m'mtambo. Lero akatswiri amati sikuti talala limachita kukwera ndi kutsika kambirimbiri. Nthawi zambiri limangodutsa chopingasa m'madera osiyanasiyana a mtambo, ndipo dera lililonse limasiya chizindikiro chake. Zonsezi zimachitika m'mphindi makumi ochepa chabe.

Mabingu ndi ziphaliwali sizisiyana ndi matalala chifukwa zimabadwira nyumba imodzi. Kukhulana kwa timatalala tating'ono ndi tizidutswa ta madzi oundana m'mtambo ndiko kumaunjika magetsi amene amatuluka ngati mphezi. Ndiye chifukwa chake kuthawira pansi pa mtengo pothawa matalala n'kuthawa galu n'kukalowa m'phanga la fisi. Lowani m'nyumba. Ngati muli kutchire, tchingani mutu ndi chilichonse chimene muli nacho, kaya dengu, kaya beseni, ndipo mwana mumufungatire.

Chifukwa chake amakonda kumapiri

Mitambo yambiri ya mabingu imakhala ndi matalala m'mimba mwake, ngakhale ija imene imangotipatsa mvula. Madontho akuluakulu ozizira amene amayamba kugwa mvula ya mabingu isanalimbe kawirikawiri amakhala matalala amene asungunukira m'njira. Talala likachoka m'mtambo limayenera kudutsa mpweya wofunda lisanafike pansi. Ku Nsanje, kumene nthaka siifika mamita 100 pamwamba pa nyanja yaikulu, ulendowo ndi wautali ndiponso wotentha, moti lopulumuka ndi lalikulu lokha. Tauni ya Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600, choncho talala la kumeneko lafupikitsiridwa njira ndi kilomita imodzi ndi theka, ndipo mbali yachotsedwayo ndiyo yotentha koposa. Mapiri amathandizanso kukankhira mpweya m'mwamba.

Mu Africa muno, malo otchuka ndi matalala ndi Kericho, kumapiri a kumadzulo kwa Kenya, kumene kuli minda ikuluikulu ya tiyi ngati ya ku Thyolo ndi ku Mulanje. Kumeneko, pa mamita pafupifupi 2,000, chinyezi chochokera ku nyanja ya Victoria chimakumana ndi mapiri, ndipo matalala amagwa masiku pafupifupi 50 pachaka. Ambiri ndi ang'onoang'ono, koma tiyi amathyola nsonga zanthete, ndiye ngakhale talala longa nandolo limaononga ndalama.

Abale athu amene ali ku Joni amawadziwanso bwino. Johannesburg ili pa mamita oposa 1,700, ndipo masana a Novembala mtambo ukada, oyendetsa galimoto amathamangira pansi pa milatho ndi m'mafilingisiteshoni. Ogulitsa galimoto kumeneko amayala maukonde pamwamba pa malonda awo. Pa 28 Novembala 2013 matalala amene anagwa m'chigawo cha Gauteng anaphwanya magalimoto, mawindo ndi madenga, ndipo makampani a inshuwalansi analipira ndalama zoposa 1 biliyoni ya marandi chifukwa cha masana amodzi.

Za kukula kwake, matalala amene timawaona kawirikawiri amakhala ngati nandolo kapena nzama, mwa apo ndi apo ngati dzira la nkhunda. Koma lalikulu koposa limene linayezedwa bwinobwino linagwa ku Vivian, m'chigawo cha South Dakota ku America, pa 23 Julayi 2010: masentimita 20 m'mimba mwake, kulemera magalamu pafupifupi 880. Lolemera kuposa pamenepo, kilogalamu imodzi ndi kakusefukira, linagwa ku Gopalganj m'dziko la Bangladesh pa 14 Epulo 1986, ndipo tsikulo anthu 92 anafa. Ku Moradabad ku India, pa 30 Epulo 1888, anafa 246, pamodzi ndi ziweto zambirimbiri. Talala longa lalanje limafika pansi pa liwiro loposa makilomita 100 pa ola. Limeneli si la ana kutola, ndi mwala weniweni.

M'munda

Walira mvula walira matope, amatero akuluakulu, koma matalala palibe amene amawalira. Mlimi wa fodya ndiye amamva kuwawa koposa, chifukwa chimene amagulitsa ndi tsamba lenilenilo. Tsamba lobooka kapena long'ambika limagwa giledi ngakhale liume bwino m'chigafa, ndipo lothyoka pa phata latayika basi. Munthu wafesa nazale mu Seputembala, wathirira ndi kheni m'dzuwa la Okutobala, wawokera, wathira feteleza wangongole. Mphindi khumi zimamusiyira mapesi oimirira ndi nsanza zobiriwira zili lendelende. Tomato, kabichi, nthochi, mapapaya ndi maluwa a mango nazonso sizipirira. Chipatso chimene chapulumuka chimatsala ndi bala, ndipo pabalapo m'pamene matenda amalowera.

Chimanga chili ndi nkhani ina, ndipo mlimi aliyense ayenera kuidziwa. Chikadali chaching'ono, chisanapitirire masamba asanu ndi limodzi, mtima wake umene umatulutsa masamba atsopano umakhala ukadali m'nthaka kapena pafupi kwambiri ndi nthaka. Matalala angathe kusadzula masamba onse, munda n'kuoneka ngati mwadutsa ng'ombe, koma mtimawo uli bwinobwino. Musathamangire kugalauza n'kubzalanso. Dikirani masiku asanu kapena sabata, muone ngati pakati pa phesi pakutuluka tsamba latsopano. Ng'ambani mapesi angapo: mtima ukakhala woyera ndi wolimba, chimangacho chidzuka, ukakhala wofewa ndi wakuda, chapita. Nthawi yoopsa ndi pamene chimanga chikumasula ngayaye ndi kutulutsa ndevu, chifukwa masamba onse atuluka kale, palibenso ena obwera m'malo mwake, ndipo ndiwo amene amayenera kudyetsa chisononkho.

Mfundo yoti kuonongeka kumatengera msinkhu wa mbewu ndi yakalekale. Wolemba buku la Eksodo, pofotokoza mliri wachisanu ndi chiwiri wa ku Igupto m'mutu 9, anaima kaye pakati pa nkhani ya Mose ndi Farao kuti anene kuti fulakesi ndi balere zinaonongeka chifukwa zinali zitakula, pamene tirigu anapulumuka chifukwa amacha mochedwa. Ameneyo anali munthu wodziwa munda.

Munda uwu, osati uwo

Tsopano tifike pa khalidwe la matalala limene labweretsa misozi yambiri kuposa mabala ake. Matalala sagwa dera lonse ngati mvula ya mswera. Amagwa kuchokera pa kachigawo kamodzi ka mtambo, ndipo mtambowo ukamayenda amasiya mkwasa wopapatiza, mwina makilomita ochepa m'lifupi, mwina mamita mazana angapo okha. Malire ake amatha kukhala akuthwa ngati odula ndi chikwanje. Munda wa uje wapululuka. Wa mnzake, kungodumpha msewu, masamba ali gwa ngati palibe chachitika. Munthu amene wataya chaka chonse amaima pamalirepo, n'kuyang'ana uku ndi uku, ndipo funso limene limabwera mumtima mwake si lakuti zachitika bwanji, koma lakuti wachita ndani.

Funso limeneli si lathu lokha. Cha m'ma 815, Agobard, bishopu wamkulu wa mzinda wa Lyon ku France, analemba kabuku konena za matalala ndi mabingu. Anthu a m'dera lake, olemera ndi osauka omwe, ankakhulupirira kuti kuli anthu odziwa kuitana mkuntho, ndiponso kuti kuli dziko la m'mitambo lotchedwa Magonia, kumene kumachokera zombo zodzatenga mbewu zogwetsedwa ndi matalala. Ena ankapereka gawo la zokolola zawo kwa anthu amene ankati amatha kutchinjiriza minda. Agobard anasimba kuti tsiku lina anapeza khamu litamanga amuna atatu ndi mayi mmodzi, likufuna kuwaponya miyala powanena kuti agwa kuchokera m'zombozo. Anatsutsana nalo khamulo mpaka anthu anayiwo anapulumuka.

Ena sanapeze wowalankhulira. Pa 3 Ogasiti 1562 matalala oopsa anaononga minda ya mpesa ndi tirigu kumwera chakumadzulo kwa Germany. M'tauni yaing'ono ya Wiesensteig anagwira amayi, kuwazunza kuti avomere kuti ndiwo anaitana mkunthowo, ndipo pomafika chaka chotsatira amayi oposa 60 anali atatenthedwa.

Sindikusimba izi kuti tiseke azungu akale. Kwathu kuno mvula ikachedwa, mpaka lero timamva kuti agogo ena awathamangitsa m'mudzi, awagwetsera nyumba, mwina kuwapha kumene, powanena kuti amanga mvula. Nthawi zambiri amakhala okalamba, amasiye, osowa wowaimira. Lamulo la Malawi lokhudza ufiti, la chaka cha 1911, limati kuloza munthu chala kuti ndi mfiti ndi mlandu, komabe lamulo lili kutali pamene khamu lakwiya. Chimene ndikufuna mwana wa sukulu atenge m'nkhani ino ndi ichi: malire akuthwa aja ali ndi chifukwa chake, ndipo chifukwacho chili makilomita angapo m'mwamba, pamene mphepo yokwera inalekera mphamvu. Mtambo wotalika kasanu kuposa Mulanje sudziwa mwini munda. Agogo amene amalephera kusenza ndowa ya madzi sangauwongolere.

Mabelu, mizinga ndi maukonde

Anthu ayesa zambiri kuti alimbane nawo. Ku Ulaya ankaliza mabelu a tchalitchi mtambo ukamayandikira, ndipo oliza mabelu ambiri anaphedwa ndi mphezi ali m'nsanja, chingwe chonyowa chili m'manja, mpaka maboma ena analetsa mwambowo. Mu 1896 Albert Stiger, mlimi wa mpesa wa ku Windisch-Feistritz, tauni imene lero ili m'dziko la Slovenia, anapanga mzinga wokhala ndi kukamwa kwakukulu ngati fanulo, woloza kumwamba, poganiza kuti kugunda kwake kusokoneza matalala asanakhwime. Kwa zaka ziwiri dera lake silinaonongeke, mbiri inawanda, ndipo pofika 1900 mizinga yotere inali zikwizikwi kumpoto kwa Italy. Maboma atayesa mwadongosolo kwa zaka zingapo, anapeza kuti minda yokhala ndi mizinga ikuphwanyidwa chimodzimodzi ndi yopanda mizinga. N'zosadabwitsa: bingu limodzi limaposa mzinga uliwonse, koma matalala amakula bwinobwino pakati pa mabingu.

Komabe mizingayi ikugulitsidwa mpaka lero. Mu 2018 alimi a ku Puebla m'dziko la Mexico anachita zionetsero ponena kuti mizinga imene fakitale ya Volkswagen inkaombera kuteteza magalimoto atsopano ikuthamangitsa mvula yawo. Kampaniyo inalonjeza kutembenukira ku maukonde. Onani mmene chikhulupiriro chimodzi chimaberekera chinzake: wina akukhulupirira kuti mzinga uletsa matalala, winayo akukhulupirira kuti uletsa mvula, ndipo mtambo sukumva aliyense wa iwo.

Njira imene ili ndi nzeru ya sayansi kumbuyo kwake ndi yomwaza mankhwala a silver iodide m'mtambo, pa ndege kapena pa maroketi. Ganizo lake n'lakuti njere zikachuluka zidzalimbirana madzi, ngati ana ambiri pa mbale imodzi ya nsima, ndipo palibe imene idzanenepe. Matalala ang'onoang'onowo adzasungunuka asanafike pansi. Dziko la Soviet Union linaombera maroketi ambiri otere kumapiri a Caucasus kuyambira m'ma 1960. Eni minda ya tiyi ku Kericho anayesa njirayi, ndipo alimi a fodya a ku Nelspruit ku South Africa anaiyesanso m'ma 1970. Koma pamene asayansi a ku America anaiyesa mosamala ku Colorado kuyambira 1972 mpaka 1974, akumwaza masiku ena n'kusiya masiku ena kuti ayerekeze, sanapeze umboni woti matalala achepa. Vuto lake n'lakuti matalala ndi osadalirika mwachibadwa: chaka chino agwa, zaka zitatu osagwa, ndiye amene waombera kumwamba amadzitama ndi chaka chimene sakanagwa n'kale.

Zimene zimagwiradi ntchito n'zosachititsa chidwi. Ukonde wolimba woyala pamwamba pa mbewu, ngati umene umaphimba minda ya mpesa ku Mendoza m'dziko la Argentina ndi minda ya maapozi ku South Africa, umagwira matalala, ngakhale kuti mtengo wake ndi wa mbewu zodula zokha. Kwa mlimi wamng'ono, nazale ndi dimba la tomato n'zotheka kuziphimba. Inshuwalansi ya mbewu inayambira kwenikweni pa matalala ku Ulaya zaka zoposa 200 zapitazo, chifukwa ngozi yogwera ochepa mwa ambiri ndiyo imatheka kugawana: onse aponya pang'ono, amene mkwasa wamudutsa atolapo. Makolo athu amene ankalima munda wina kumtunda, wina kudambo, chinangwa ndi mbatata pambali pa chimanga, ankachita nzeru yomweyo popanda pepala. Mbatata ndi chinangwa zili pansi pa nthaka, kumene talala silifika. Ndipo a zanyengo akalengeza pa wailesi kuti kukhala mvula ya mabingu ndi mphepo yamkuntho, ndi nthawi yolowetsa mbuzi ndi nkhuku, ndi kuitana ana amene ali kubusa.

Liwu lenilenilo

Sitimva kawirikawiri munthu akunena kuti talala, limodzi. Liwuli limakhala m'kamwa mwathu mochulukitsa, monga madzi, mafuta ndi malovu, chifukwa chinthucho sichibwera chokha. Anansi athu ambiri anachitcha potengera kulimba kwake: Mswahili amati mvua ya mawe, Mshona amati chimvuramabwe, onsewo kutanthauza mvula ya miyala. Lathuli khutu limalimva ngati likuchokera ku kuzizira, makamaka mukakumbukira kuti m'Chibemba cha ku Zambia kutalala ndiko kuzizira.

M'zinenero zina liwu la matalala limasenza katundu wina. M'Chingelezi, hail ndi matalala, komanso ndi kulonjera kapena kuitana munthu ali patali. Awa ndi mawu awiri osiyana makolo amene anangofanana mamvekedwe: loyambalo ndi lakale la chinenerocho, lachiwirilo linachokera ku liwu la anthu a kumpoto kwa Ulaya lofunira munthu moyo wabwino. Ndilo lili m'dzina la pemphero limene Akatolika kuno amalitcha Tikuoneni Maria, ndipo amene analimasulira anasankha bwino malonje athu aulemu. M'Chirasha, grad ndi matalala, komanso ndi liwu lakale lotanthauza mzinda, lija lili kumapeto kwa Leningrad ndi Volgograd. Asilikali a Soviet Union anatcha Grad galimoto yawo yoponya maroketi 40 m'masekondi 20, imene inayamba kugwira ntchito mu 1963. Matalala amenewo anagwaponso mu Africa, pa nkhondo ya ku Quifangondo pafupi ndi Luanda mu Novembala 1975. Amene anapereka dzinalo ankadziwa chimene mlimi amamva mumtima akamva kho woyamba padenga.

Koma katundu wolemera koposa amene liwu lathu linasenzetsedwa anadza ndi Baibulo. Makolo athu ankadziwa madzi oundana a mitundu iwiri yokha: chisanu cha pa udzu m'mawa wa Juni, ndi matalala. Firiji kunalibe. Omasulira Buku Lopatulika, limene linatuluka mu 1922 pa ntchito yotsogozedwa ndi William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, anakumana ndi chinthu chachitatu, choyera chija chimene chimagwa m'maiko ozizira ndiponso pa mapiri a Lebanoni. Analibe liwu lake, ndipo anabwereka matalala. N'chifukwa chake m'buku limodzi lomwelo matalala amene akuphwanya Igupto m'Eksodo, ndi kupha adani a Yoswa pa chitunda cha Betihoroni, ndi omwenso akuyerekezedwa ndi mtima woyeretsedwa m'Salimo 51 ndi m'mutu woyamba wa Yesaya. Liwu limodzi likulanga ndi kutsuka.

Ine ndimati anasankha bwino. Munthu wa ku Mvera kapena ku Nkhoma wa masiku amenewo analibe choyera china choposa mulu wa matalala ogwa kumene pa dothi lofiira, ndipo fanizo limagwira mtima pokhapokha ngati womvera anachionapo chinthucho ndi maso ake. Koma kubwerekako kunasiya chisokonezo, pakuti zinthu ziwirizi n'zosiyana kubadwa kwake. Chinacho, chimene mabuku ena amati chipale chofewa ndipo ambiri lero amangoti sinowo, sichiyamba ngati dontho logundana ndi linzake. Chinyezi chimauma molunjika n'kukhala tinyenyezi ta nsonga zisanu ndi imodzi, topepuka ngati nthenga za mwanapiye. Chimagwa m'nyengo yozizira, nthawi zambiri popanda bingu, mwakachetechete, kwa maola ambiri, ndipo chikakuta munda wa tirigu chimaufunditsa kuti usapse ndi chisanu.

Mmalawi amene wafika kumene ku Manchester kapena ku Glasgow, akadzuka m'mawa wa Januwale n'kupeza kunja kuli mbee, amatenga foni kuti auze a kumudzi. Akanena kuti sinowo, amayi ake samugwira bwinobwino. Akanena kuti kwagwa matalala usiku wonse, mpaka kufika m'mawondo, kumbali inayo kumayamba kwakhala chete, kenaka amayi amafunsa ngati denga lapulumuka, ndiponso ngati anthu kumeneko akolole chaka chino.